Kagulu ka ku Berkeley Komwe Kanaphunzitsa Kernel Kusunga Mayina

Mu Epulo 1980, yunivesite ya California ku Berkeley inayamba mgwirizano wa miyezi 18 ndi DARPA, nthambi yoona za kafukufuku mu unduna wa zachitetezo wa dziko la America. Ndalama za mgwirizano umenewu ndizo zinabala Computer Systems Research Group, gulu lomwe anthu amangolitchula kuti CSRG. Woliyambitsa anali Pulofesa Bob Fabry. Linakhalapo zaka 15 zokha, ndipo nthawi yonseyo akatswiri ake olembedwa ntchito anali owerengeka. Olikumbukira lero amakonda kutchula zinthu ziwiri: kuti matepi ake ndiwo anafalitsa TCP/IP, njira yomwe makompyuta amalankhulirana pa intaneti, komanso mlandu womwe nthambi ina ya AT&T inakokera nawo yunivesiteyo kukhothi. Zonse ziwiri n'zoona. Koma ine ndimaona kuti ntchito yake yokhalitsa ili pomwe maso safika kawirikawiri: momwe kompyuta imalembera dzina la fayilo, kulipeza, kulisintha ndi kulifufuta popanda kuwononga kanthu.

Mizu ya gululi ndi yakale kuposa dzina lake. Mu Okutobala 1973, a Ken Thompson ndi a Dennis Ritchie a ku Bell Labs ya AT&T anafotokoza za Unix pamsonkhano wa akatswiri, a Fabry ali pakati pa omvera. Anapempha tepi yake, ndipo mu Januwale 1974 Unix inayamba kuyenda pa kompyuta ya PDP-11/45 yomwe a dipatimenti ya kompyuta ankagwiritsa ntchito limodzi ndi a masamu. Mu 1975 a Thompson, omwe anaphunzira pa Berkeley pomwepo, anabwerako kudzakhala chaka, ndipo chaka chomwecho kunafika wophunzira wina, a Bill Joy. Kuyambira 1978 a Joy ankasonkhanitsa mapulogalamu olembedwa pasukulupo, kuwaika pa tepi n'kutumizira owapempha. Matepi amenewo ndiwo Berkeley Software Distribution, kapena kuti BSD. Oyambirira anali zowonjezera chabe pa Unix ya AT&T. Koma kutabwera kompyuta ya VAX-11/780, a Joy ndi a Özalp Babaoğlu analemba gawo lolola pulogalamu yaikulu kuposa memory ya makinawo kuyenda bwinobwino, ndipo 3BSD ya kumapeto kwa 1979 inali dongosolo lathunthu loyendetsa kompyuta. Panthawiyo DARPA inkalipirira ofufuza m'mayunivesite ambiri, aliyense ndi makina ake ndi dongosolo lake, moti ntchito ya uyu sinkayenda kwa uyo. Inkafuna Unix imodzi ya onse, ndipo 3BSD inaonetsa kuti a ku Berkeley angaisamale.

Munthu yemwe a Fabry anafulumira kumulemba ntchito sanali wolemba mapulogalamu. Anali mayi Laura Tong, omwe anakonza kayendetsedwe ka ofesi ndi katumizidwe ka matepi, poti aliyense wolandira tepi ankayenera kukhala ndi laisensi ya AT&T. A Joy anatsogolera mbali ya luso. 4BSD inatuluka mu Okutobala 1980, ndipo 4.1BSD mu Juni 1981. Yachiwiriyi inkayenera kutchedwa 5BSD, koma AT&T inakana poopa kuti anthu aisokoneza ndi System V yake. N'chifukwa chake mitundu ikuluikulu ya BSD yomwe gululi linatulutsa kuyambira pamenepo inkayamba ndi nambala 4.

Directory ya Unix yomwe gululi linalandira kuchokera ku Bell Labs inali chinthu chosavuta kumva. Chomwe pa sikirini timachiona ngati foda, kwa kernel, gawo lapakati lomwe limalamulira disiki ndi memory, si bokosi losungiramo mafayilo ayi. Chili ngati kaundula wa anyakwawa: mumalembedwa dzina la munthu ndi pomwe pali munda wake, koma mundawo uli kwina. Directory imasunga dzina ndi nambala. Nambalayo imaloza inode, ndipo inode ndiyo imadziwa mwini fayilo, kukula kwake, ndi malo a pa disiki pomwe pali zam'kati mwake. Mu Version 7 ya 1979, mzere uliwonse wa mu directory unali ma byte 16, awiri a nambala ndi 14 a dzina. Dzina likapitirira zilembo 14, zotsalazo zinkangodulidwa popanda chenjezo, moti mayina awiri osiyana kumapeto kokha ankaloza fayilo imodzi. Pulogalamu yofuna kudziwa zomwe zili mu directory inkaitsegula ngati fayilo wamba n'kumawerenga ma byte 16 nthawi iliyonse. Motero mapulogalamu ambirimbiri ankadalira kaonekedwe ka m'kati mwa directory, ndipo wosintha kaonekedweko akanawathyola onse.

Vuto lalikulu linali pa kapangidwe ka directory yatsopano. Kernel inalibe lamulo limodzi lochita zimenezi. Pulogalamu ya mkdir inkachita zinthu zinayi motsatizana: kupanga directory yopanda kanthu ndi mknod, kupereka umwini wake kwa woitana, kulembamo dzina la kadontho kamodzi loloza directory yomweyo, kenako la timadontho tiwiri loloza kholo lake. Poti zimenezi zinkaloledwa kwa root yekha, mwini mphamvu zonse pa makinawo, mkdir inkayenda ndi mphamvu za root ngakhale woitanayo akhale wophunzira wa chaka choyamba. Magetsi akathima zinayizo zisanathe, pankatsala directory yopanda njira yobwerera kwa kholo. Munthu wochenjera ankathanso kulowerera pakati pa choyamba ndi chachiwiri, kuika fayilo ina pa dzina lomwelo, n'kupatsidwa umwini wa chinthu chomwe si chake. Kusintha dzina nakonso kunali kwa zidutswazidutswa: mv inkayamba yachotsa fayilo yomwe inali kale pa dzina latsopano, n'kulemba dzinalo, kenako n'kufufuta lakale. Panali kamphindi pomwe dzina lofunikalo silinkaloza chilichonse.

Mu 1981 wophunzira wina, a Marshall Kirk McKusick, anatenga ntchito yokonzanso kasungidwe ka mafayilo kuchokera pa maganizo omwe a Joy anali atayamba kulemba. Chinawatuma poyamba ndi liwiro. Njira yakale inkagwiritsa ntchito pafupifupi 4 peresenti yokha ya liwiro lomwe disiki ikanatha kupereka. Ikangokonzedwa kumene inkawerenga ma kilobyte 175 pa sekondi, koma pakatha masabata angapo inkatsika kufika pa 30, chifukwa zidutswa za fayilo imodzi zinkamwazikana paliponse. Ma inode onse ankakhala koyambirira kwa disiki, zam'kati mwa mafayilo kutali, ndiye mutu wowerengera unkangoyenda uku ndi uku. Njira yatsopanoyo, Fast File System kapena FFS, inagawa disiki m'magulu a ma cylinder, gulu lililonse ndi ma inode akeake pafupi ndi malo a mafayilo ake, ndipo inakuza zidutswa kufika pa ma byte 4096 kapena kuposa apo. Pa makina ena liwiro linafika pa 47 peresenti. Funso linatsala la choika pafupi ndi chiyani, ndipo yankho analipeza mu directory: mafayilo okhala mu directory imodzi nthawi zambiri amafunidwa limodzi, choncho ma inode awo azikhala m'gulu limodzi, pomwe directory yatsopano izipita ku gulu lomwe lili ndi ma inode ambiri osagwiritsidwa ntchito komanso ma directory ochepa. Pepala lofotokoza zonsezi linatuluka mu Ogasiti 1984 ndi mayina a McKusick, Joy, Leffler ndi Fabry, ndipo ext2 ya Linux ya 1993 inatengera kwambiri kagawidwe kameneka.

Dzina linaloledwa kufika zilembo 255. Mizere ya mu directory inasiya kukhala yofanana kutalika, ndipo uliwonse unkanena wokha pomwe ukuthera. Anaisanja m'zigawo za ma byte 512 popanda mzere wodumphira chigawo china, kuti disiki ikalemba kamodzi, kusinthako kulembedwe konse kapena kusalembedwe n'komwe. Dzina likafufutidwa, malo ake ankangowonjezeredwa pa mzere wapamwamba pake. Ndipo poti kaonekedwe kasintha, mapulogalamu anauzidwa kuti asiye kusuzumira m'kati mwa directory, azifunsa kudzera pa opendir ndi readdir. Kwa ine apa mpomwe panali kusintha kwenikweni, koposa manambala a liwiro aja. Pulogalamu ikasiya kudziwa momwe directory yalembedwera pa disiki, kumbuyoko mungaike chilichonse, ngakhale disiki ya kompyuta ina yomwe ili mumzinda wina.

4.2BSD ya Ogasiti 1983 inabweretsanso mkdir, rmdir ndi rename m'kati mwa kernel, chilichonse ngati lamulo limodzi. Pa zitatuzi, rename ndiyo yodabwitsa. Inabwera ndi lonjezo lakuti ngati dzina latsopanolo linali kale ndi fayilo, sipadzakhala nthawi yomwe dzinalo lidzasowe: wofunsa adzapeza fayilo yakale kapena yatsopano, ngakhale makina atagwa pakati pa ntchitoyo. Lonjezo lalifupi chonchi limalemetsa kernel kwambiri. Pamafunika kugwira ma directory awiri nthawi imodzi, wochokera ndi wopitako, pomwe mapulogalamu ena akufunanso kulembamo. Ngati chosamutsidwacho ndi directory, dzina lake la timadontho tiwiri liyenera kuloza kholo latsopano, ndipo chiwerengero cha zoloza makolo onse awiri chikonzedwe. Palinso msampha wina: wina akasamutsira directory m'kati mwa mwana wake yemwe, nthambi yonseyo imazungulira yokha n'kuduka ku mtengo, mafayilo ali pa disiki koma palibe dzina lowafikira. Pofuna kupewa zimenezi, kernel imayambira komwe directory ikupita n'kumakwera kholo ndi kholo mpaka pamwamba, kuona ngati sikumana ndi yomwe ikusamutsidwayo. Ikakumana nayo, imakana. Malamulo amenewa analowa mu muyezo wa POSIX wa 1988, ndipo lero pulogalamu ya pafoni ikamasunga zinthu zanu polemba kaye fayilo yongoyembekezera kenako n'kuisintha dzina, ikudalira lonjezo lomwelo, kaya foniyo ndi ya Android kapena iPhone. Mu 4.2BSD munalowanso ma symbolic link, komanso malire a malo omwe munthu mmodzi angadzaze pa disiki, ntchito ya a Robert Elz a ku yunivesite ya Melbourne.

Pofika nthawiyi anthu anali atasinthana. A Joy anachoka mu 1982 kukayambitsa nawo Sun Microsystems. A Sam Leffler anamalizitsa 4.2BSD n'kupita ku Lucasfilm. A Fabry anasiyira utsogoleri ma Pulofesa Domenico Ferrari ndi Susan Graham mu 1983. Ntchito ya tsiku ndi tsiku inagwera a Mike Karels, ndipo a McKusick analowa ntchito mokhazikika kumapeto kwa 1984 atamaliza digiri yawo ya udokotala. Anapeza madandaulo ali mbwee: 4.2BSD inali ndi zambiri zatsopano, koma inkachedwa.

M'malo moganizira chomwe chavuta, anayeza. Zinapezeka kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawi ya kernel linkathera mu namei, gawo lomwe limasandutsa njira ngati /usr/src/sys kukhala inode. Ntchito yake imayenda dzina limodzilimodzi: tsegula directory ya pamwamba, funa usr, tsegula usr, funa src, mpaka kumapeto, ndipo pa sitepe iliyonse imawerenga mizere kuyambira woyamba. Mankhwala anali awiri. Oyamba anali kukumbukira pomwe pulogalamu inalekezera kufufuza mu directory, chifukwa mapulogalamu ngati ls amafunsa mayina motsatana, ndipo kuyambiranso pamwamba pa dzina lililonse kumachulukitsa ntchito koopsa directory ikakula. Achiwiri anali cache ya mayina omwe afunsidwa posachedwa, yogwiritsidwa ntchito ndi dongosolo lonse. Kusunga zokumbukira n'kosavuta. Chovuta n'kudziwa pomwe zasanduka bodza. Fayilo ikafufutidwa, malo ake mu memory n'kupatsidwa ina, cache ingapereke yankho lolakwika. Kufufuza cache yonse nthawi iliyonse kukanadya phindu lonse. Choncho inode iliyonse ya mu memory anaipatsa nambala yapadera, cache n'kusunga nambalayo pambali pa dzina. Inode ikasintha ntchito imalandira nambala yatsopano, ndipo zokumbukira zonse zakale zimafa zokha chifukwa manambala sakugwirizananso. 4.3BSD inatuluka ndi zimenezi mu Juni 1986. Pambuyo pake, mu 4.4BSD, cache inayamba kukumbukira ngakhale mayina omwe anafunidwa koma kulibe, poti shell ndi compiler zimathera nthawi yaitali kufunafuna fayilo m'ma directory momwe mulibe isanaipeze. Dcache ya Linux, yomwe inalowa mu 1997, imakumbukiranso mayina osowa mwanjira yomweyo.

Virtual filesystem yeniyeni sinabadwire ku Berkeley, ndipo ulemu umenewo upite kwa eni ake. Inachokera ku Sun. Kampaniyo inkafuna kuti NFS, njira yake yowerengera mafayilo a kompyuta ina kudzera pa netiweki, izioneka ngati disiki wamba, ndiye mu SunOS 2.0 ya 1985 inaika gawo latsopano pakati pa malamulo a kernel ndi kasungidwe ka pa disiki. Pamwamba pake pali vnode, yoimira fayilo kapena directory iliyonse mosayang'ana komwe ili. Pansi pake mtundu uliwonse wa kasungidwe umabweretsa njira zakezake zofufuzira dzina, kupanga, kuchotsa ndi kuwerenga directory. Kuyenda m'njira dzina ndi dzina kumachitikira pamwamba, ndipo mpamene kernel imazindikira kuti pa directory yakutiyakuti palumikizidwa disiki ina n'kuwolokerako. A Steve Kleiman anafotokoza zimenezi mu 1986. Koma AT&T inali ndi File System Switch yake, DEC nayo inali ndi gnode mu Ultrix, ndipo zitatuzi sizinkagwirizana.

Chaka chomwecho a Karels ndi a McKusick analemba pepala loyerekeza njira zitatuzi ndi kupereka imodzi yoti onse atsatire. Anatenga vnode ya Sun ngati maziko, koma anasunga khalidwe lina la namei yakale: wofufuza dzina aziuzidwa cholinga. Kodi tikungofuna kuona, kupanga, kufufuta kapena kusintha dzina? Akadziwa kuti tikupanga, amaona malo opanda kanthu akamadutsa m'mizere, n'kusiya directory ya kholo ili yokiya mpaka dzina litalembedwa. Directory siwerengedwa kawiri, ndipo palibe wina angalowerere pakati. Mtengo wake unali wokwera ndithu. Wolemba mtundu watsopano wa kasungidwe ankayenera kudziwa bwino lomwe kuti ndi vnode iti yomwe walandira yokiya, ndi iti yomwe ayenera kuitsegula pobweza, ngakhale ntchito italephereka pakati. Dongosolo lake n'lakuti ukiye kholo kaye kenako mwana, koma dzina la timadontho tiwiri limayenda chobwerera, kuchoka kwa mwana kupita kwa kholo. Wina akagwira mwana n'kumadikira kholo, mnzake atagwira kholo n'kumadikira mwana, onse awiri aima mpaka makina azimitsidwe. Kernel inkayenera kumasula mwana kaye isanagwire kholo, ndipo kamphindi kameneko kavutitsa olemba ma kernel a BSD kwa zaka zambiri. Chiyembekezo choti makampani onse agwirizane pa njira ya ku Berkeley sichinatheke. System V Release 4 inatenga ya Sun. Njira ya CSRG inatuluka mu 4.3BSD-Reno mu 1990, limodzi ndi NFS yaulere yolembedwa ndi a Rick Macklem a ku yunivesite ya Guelph ku Canada.

Dzina la a Macklem, ngati la a Elz, likuonetsa momwe gululi linkagwirira ntchito. Anthu ochepa a m'gululi sakanalemba okha zonse. Zambiri zinkachokera kunja, ndipo ntchito ya CSRG inali kulandira, kuwerenga, kukana zambiri, ndi kulembanso zolandiridwazo kuti zigwirizane ndi zinzake. Akunja odalirika ankaloledwa kulowa pa makina a ku Berkeley kudzera pa netiweki n'kusintha code, kusintha kulikonse kukulembedwa mu SCCS, pulogalamu yosunga mbiri ya code, ndi dzina la wosintha, ndipo a m'gululo ankaona zonse zisanatuluke. Kaimidwe kameneka, kagulu kochepa pakati ndi odalirika ambiri pozungulira, ndi komwe FreeBSD ndi NetBSD zinatengera pambuyo pake. Ndimakhulupirira kuti n'chifukwa chake anthu amenewa ankaona msanga kufunika kwa malire omveka bwino m'kati mwa kernel: tsiku lililonse ankalumikiza ntchito za anthu omwe sanaonanepo.

A Keith Bostic analowa mu Okutobala 1986, ndipo ndiwo anakankha nkhani ya ufulu wa code. Laisensi ya AT&T inali itakwera mtengo kwambiri, ndipo ofuna gawo la netiweki lokha anapempha kuti lipatulidwe. Networking Release 1 ya Juni 1989 inali yoyamba yosafuna laisensi imeneyo: tepi inali madola 1,000, ndipo wogula anali womasuka kukopera aliyense. A Bostic anafunsa kuti bwanji osamasula dongosolo lonse. Anapempha anthu ongodzipereka kuti alembenso mapulogalamu a Unix poyang'ana malongosoledwe ake okha, malipiro ake kukhala dzina lawo pa ntchitoyo. Patatha pafupifupi chaka ndi theka ambiri anali atalembedwa, ndipo a Karels, a Bostic ndi a McKusick anadutsa mu kernel fayilo ndi fayilo kuchotsa zochokera ku AT&T. Panatsala mafayilo 6 omwe sanathe kuwalembanso msanga, ndipo Networking Release 2 inatuluka opanda iwo mu Juni 1991. A Bill Jolitz anadzaza mpatawo n'kutulutsa 386BSD ya makompyuta wamba mu 1992.

Kampani ya BSDi itayamba kugulitsa dongosolo lochokera pa tepi imeneyi pa madola 995, Unix System Laboratories (USL), nthambi ya AT&T, inaisumira mu 1992, kenako n'kuwonjezerapo yunivesite. Mu 1993 woweruza Dickinson Debevoise ku New Jersey anakana kuletsa kufalitsako, ndipo yunivesite nayo inasuma ku California ponena kuti System V munali code ya ku Berkeley yomwe eni ake sanatchulidwe monga laisensi inkafunira. Novell itagula USL, nkhani inatha pokambirana kumayambiriro kwa 1994: pa mafayilo pafupifupi 18,000, atatu anachotsedwa, ndipo ena pafupifupi 70 anawonjezeredwa chizindikiro cha umwini wa USL koma n'kukhalabe aulere. Zomwe zinapezeka n'zochepa chonchi, koma zaka ziwiri zinali zitapita anthu akuopa kukhudza BSD, ndipo m'zaka zomwezo Linux, yomwe inayamba mu 1991, inakopa ambiri mwa omwe akanabwera ku BSD. Zimandipweteka kuti anthu omwe luso lawo linali pa kernel anathera nthawi yochuluka chotere ndi maloya.

Ngakhale zinali choncho, 4.4BSD, yomwe mtundu wake waulere wa 4.4BSD-Lite unatuluka mu 1994, inafikitsa ntchito ya directory patali. Kuchokera kwa a John Heidemann a ku UCLA kunabwera njira yosanjikiza magawo a vnode, lina pamwamba pa linzake. A Jan-Simon Pendry analemba union mount, yomwe imaonetsa ma directory awiri ngati imodzi: yapansi ingakhale pa CD yosalembeka, yapamwamba pa disiki wamba. Dzina limafunidwa pamwamba kaye, likasowa ndiye pansi. Mukasintha fayilo yapansi, imakoperedwa pamwamba n'kusinthidwira kumeneko. Nanga mukafufuta fayilo yomwe ili pa CD, pomwe simungalembepo? Yankho linali whiteout, mzere wapadera mu directory yapamwamba womwe suloza fayilo iliyonse koma umauza kernel kuti dzina ili lisafunidwenso pansi. Overlayfs yomwe inalowa mu Linux 3.18 mu 2014, yomwe ma container ambiri a Docker amayendera, imagwiritsabe ntchito whiteout pa vuto lomweli. Mu 4.4BSD momwemo mzere wa mu directory unayambanso kunena mtundu wa chomwe ukuloza, kuti pulogalamu yoyendera ma directory ambiri isamatsegule inode iliyonse pongofuna kudziwa ngati ndi fayilo kapena directory.

Pofika apa gululi linali litachepa. A Karels anapita ku BSDi mu 1992, ndalama zothandizira ntchito ya mtundu umenewu zinkavuta kupeza, ndipo panali kale magulu ena okonzeka kupitiriza: NetBSD ndi FreeBSD zinayamba mu 1993, OpenBSD n'kupatuka pa NetBSD mu 1995. Ndalama zochokera pa matepi a 4.4BSD zinalipirira kukonza zolakwika zomwe anthu ankatumiza, mpaka 4.4BSD-Lite Release 2 inatuluka mu Juni 1995. Itatuluka, CSRG inatsekedwa. Vnode ndi namei zake zinapitirira m'ma BSD onse atatu, komanso mu kernel ya macOS ndi iOS ya Apple.

Panali ntchito yomwe gululi linasiya isanathe. Kuti directory isaloze inode yomwe sinalembedwe, FFS inkadikira disiki imalize sitepe iliyonse isanayambe ina. Chitetezo chinalipo, koma kupanga kapena kufufuta mafayilo ang'onoang'ono ambiri kunkachedwa kwambiri. Mu 1994 a Greg Ganger ndi a Yale Patt a ku yunivesite ya Michigan anaonetsa njira ya soft updates, momwe kernel imasunga mu memory ndondomeko ya chomwe chiyenera kufika pa disiki chinzake chisanafike, n'kumalemba popanda kuimitsa pulogalamu. A McKusick anailembera BSD gulu lawo litatsekedwa kale, anaifotokoza limodzi ndi a Ganger mu 1999, ndipo inalowa mu FreeBSD. Lamulo lija lomwaza ma directory atsopano m'magulu osiyanasiyana nalonso linadzaoneka kuti likuvutitsa pomwe pali ma directory ang'onoang'ono ambiri, chifukwa mwana ankaikidwa kutali ndi kholo lake. Mu 2001 a Grigoriy Orlov analikonza kuti ana azikhala pafupi ndi makolo awo, OpenBSD ndi FreeBSD zinalandira kusinthako, ndipo olemba Linux anakutengera ku ext2 ndi ext3, komwe njirayo imadziwika ndi dzina la a Orlov.